Ndithandizeni: agogo akukana kusaina pa kafukufuku wanga wa kolera

Moni nonse. Ndine namwino kuno ku Harare, ndipo ndikuchita kafukufuku wa kolera m'mabanja a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, makamaka ku Mabvuku ndi Epworth. Ziwerengero zilipo kale: mliri wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe muno, mu 2018 unabukanso ku Glen View ndi Budiriro kuno ku Harare, mu 2023 n'kubweranso. Koma ziwerengerozo sizikuuza chifukwa chimene mayi amalandirira mapiritsi oyeretsera madzi n'kungowasunga, kapena chifukwa chake achibale amasambitsabe mtembo wa munthu amene wapita ndi kolera. N'chifukwa chake ndinasiya mafomu ochonga "inde" ndi "ayi", ndikucheza ndi anthu mozama.

Chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe, bungwe loloza kafukufuku wa zaumoyo, ndili nacho. Pamene pavuta ndi pa fomu imene munthu amasaina povomereza kutenga nawo mbali pa kafukufuku. Agogo ambiri amacheza bwinobwino, koma ndikangotulutsa pepala ndi rekoda, nkhani yathera pomwepo. Sindikuwadzudzula ayi. Anthu amenewa anazunzika zaka zambiri pa nkhani ya zitupa, akuwatcha alendo m'dziko limene anabadwira, ndiye pepala la munthu wachilendo aliope bwanji? Chinanso, pokambirana pagulu, apongozi akakhalapo atsikana okwatiwa amangoti zii, chonsecho otunga madzi ku mjigo ndi iwowo.

Amene munadutsamo, munatani?

Mphunzitsi wa zaumoyo: Achemwali, musayerekeze kusiya fomu panokha. Lemberani komiti imene inakupatsani chilolezo, mupemphe kuti anthu azivomera pakamwa pali mboni. Wokana rekoda musamukakamize, lembani m'kope, ndipo tsiku lomwelo lisanathe mukhale pansi n'kulemba zonse mukadakumbukira. Magulu agaweni potengera msinkhu. Za mtembo funsani munthu mmodzimmodzi, si nkhani yapagulu imeneyo.

Mayi a ku Mufakose: Mwanawe, ukulowera pawindo. Yamba wapita kwa atsogoleri a magulu othandizana pa maliro, kwa amayi a mpingo wa CCAP, ndiponso kumzikiti, poti abale athu achiyao ali ndi osambitsa maliro awoawo. Iwo akakulandira, makomo atseguka. Yunifomu usavale, angakuuze zokhazo zimene achipatala amafuna kumva.

Wofunsa: Zikomo amayi. Nanga atsogoleriwo akafuna kukhalapo ndikamafunsa anthu awo, ndiwakanize bwanji mosawanyoza? Ndinalonjeza anthu chinsinsi.