Ife a m'komboni tingachitepo chiyani pa kusintha kwa nyengo?

Amake Tiyamike, Chawama

Abale, ndithandizeni. Chilala cha 2024 tonse tinachiona: chimanga chinapserera m'minda, pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anaphwa, malaiti n'kumabwera maola ochepa pa tsiku. Akuti ndi kusintha kwa nyengo. Koma utsi wambiri wotenthetsa dziko umachokera ku China, America ndi Ulaya. Nanga munthu wa m'komboni wopanda ngakhale galimoto angachite chiyani chooneka? Za kubzala mitengo musandiuze, pa puloti pathu palibe malo.

Atate ake Dalitso, Matero

Mwanena zoona amayi, utsi wathu ndi wochepa. Koma womwe tili nawowo umachokera kwambiri ku nkhalango zomwe zikutha, ndipo nkhalangozo zikuthera pa mbaula zathu. Uvuni wokwirira ndi dothi umadya makilo 7 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilo imodzi ya makala, malasha monga timanenera kuno. Matumba aja mumaona pa njinga ndi pa malole mumsewu wa Mumbwa kapena wa Chongwe ndi mitengo ya mombo ndi mtondo imeneyo. Ndiye yambirani pa nyemba, chifukwa ndizo zimamaliza makala.

Ziviikeni usiku wonse, maola 8. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ziwire kwambiri mphindi 15. Kenako mphika uli chivundikire ulowetseni mu dengu lomwe mwayalamo bulangete lakale kapena zigamba, pansi, m'mbali ndi pamwamba, zochindikala ngati chikhatho. Pakatha maola 3 kapena 4 zapsa popanda moto. Ambiri amalephera pa zinthu ziwiri: kuvundukula kuti aone, kutentha n'kuthawa, ndi kuika ndiwo zochepa mu mphika waukulu. Mphika ukhale pafupi kudzaza, apo ayi umazizira msanga ndipo ndiwo zimasasa.

Mbaula ya chitsulo yoboola mbali zonse imawotha mphepo, osati mphika. Gulani yokhala ndi dongo mkati ndi kachitseko pansi. Zikawira tsekani kachitsekoko, moto uzinyeka pang'onopang'ono. Mukamaliza musathire madzi, dongolo limang'aluka. Phulani makalawo muike mu chitini cha chivundikiro, azima okha, mawa muphikiranso. Ndipo chonde, kuzizira kwa June kusakunyengeni kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya wake sununkha koma umapha.

Mai a ku Chilenje

Ndiwonjezereko pa zomwe anena atate ake Dalitso. Malaiti akakhalapo, pressure cooker ya magetsi ndiyo yabwino koposa, chifukwa magetsi athu ambiri ndi a madzi. Nyemba zoviika zimapsa pasanathe theka la ola ndipo simutha ngakhale yuniti imodzi. Musadzaze kupitirira theka, thovu la nyemba limatseka potulukira nthunzi. Gasi nayenso amatulutsa utsi wotenthetsa dziko, komabe ndi wochepa poyerekeza ndi makala odula nkhalango. Silinda iime chilili, ndipo polumikizira payipi pakani madzi a sopo: tikatuluka timathovu ndiye kuti pakutuluka gasi. Lawi likhale la buluu. Likayamba chikasu, timabowo ta chitofu tatsekeka.

Wokonza mafiriji, Kalingalinga

Chomwe anthu sachidziwa ndi gasi wa mu firiji. Yang'anani kapepala komatidwa kumbuyo kapena pa kompuresa. Mukaona R134a, dziwani kuti gasi ameneyo amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide (mpweya wotuluka tikayatsa nkhuni kapena mafuta) maulendo pafupifupi 1,430. Firiji ya panyumba ikataya magalamu 120 okha, zili ngati mwatulutsa makilo 170 a carbon dioxide. Nthawi zambiri amatayika chifukwa chogoba ayezi ndi mpeni. Musatero. Zimitsani, siyani chitseko chotsegula, asungunuke yekha. Firiji ikasiya kuzizira, musalole kuti wokonza angodzazamo gasi wina. Apeze kaye pobooka, awotcherere, achotse mpweya ndi pampu, ndiye adzaze. Wongodzaza mudzamuitananso mwezi wamawa. Pogula ina funani ya R600a, imene siwononga chotero, kungoti gasi wake amayaka, ndiye asakonze pafupi ndi mbaula.

Ambuya a ku Kaunda Square

Mwanawe, wati ulibe malo, koma ambiri a ife tili ndi munda kumudzi, kaya ku Petauke kaya ku Katete, ndipo ndife timatumiza ndalama za feteleza. Mawu athu amamveka kumeneko. Zitsa za mitengo ya m'tchire sizifa, zimaphuka. Pa chitsa chilichonse wolima mundawo asiye mphukira 2 kapena 3 zowongoka, zina adule. Zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale. Chimazipha ndi moto wa September ndi October, wa osaka mbewa uja, udzu utaumiratu. Alambule m'malire nthawi isanafike, ndipo mapesi asatenthe, agoneke m'munda.

Wofuna kubzala abzale msangu, mamita 10 uku ndi uku, mitengo 100 pa hekitala. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, choncho sutchinga chimanga, ndipo masambawo ndi manyowa. Njere yake ndi yolimba khungu, muikhule pang'ono pa mwala musanafese.

Amake Tiyamike, Chawama

Zikomo nonse. Atate ake Dalitso, dengu lija lingathekenso pa chimanga cha samp?

Atate ake Dalitso, Matero

Limatheka amayi. Chiviikeni usiku, chiwire mphindi 30, madzi akhale ochulukirapo chifukwa chimamwa kwambiri, ndipo mu dengu chikhale maola 5. Mukachitulutsa chiwiritseninso pang'ono musanathire nsinjiro.