Mankhwala a nsabwe otsanzira ma neuropeptide: afika pati?

Wadimba, Orange Farm: Akuluakulu, nsabwe za pa repu ndi mpiru sizikumvanso cypermethrin. Kukumveka zoti asayansi akupanga mankhwala otsanzira ma neuropeptide a tizilombo. Amapha bwanji, nanga m'mashopu a kuno ku Joni alimo?

Mlangizi, Midrand: Achimwene, neuropeptide ndi kachingwe kakafupi ka ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) kamene mitsempha ya kachilombo imatulutsa ngati uthenga: idya, leka kudya, taya madzi, fundula. Koyamba kudziwika ndi proctolin, mu 1975, kuchokera m'mphemvu, ndipo kali ndi ma amino acid 5 okha. Nzeru ya mankhwala otsanzirawa ndi yotumiza uthenga wabodza m'thupi la kachilombo. Tengani gulu la kinin, lomwe limalamula timachubu ta Malpighi, impso za kachilombo. Uthengawo ukapanda kuzima, madzi a m'thupi ndi kadyedwe zimasokonekera.

Povuta ndi pano: peptide yachilengedwe (kachingwe ka ma amino acid kaja) ikangolowa m'matumbo kapena m'magazi, ma enzyme, omwe ndi mapuloteni ogaya zinthu m'thupi, amaiduladula isanagwire ntchito. N'chifukwa chake Ronald Nachman wa ku USDA (unduna wa zaulimi wa ku America), ku Texas, ndi anzake amaika amino acid yachilendo yotchedwa Aib pamalo pomwe enzyme imaluma. Atasakaniza kinin yotereyi m'chakudya chamadzi mu labotale, nsabwe za pa sawawa zinaleka kudya n'kufa.

Mayi a Mbewu, City Deep: Onjezani apo, alangizi: nsabwe simatafuna tsamba, imaboola n'kuyamwa timadzi ta mkati. Tsono mankhwala ongokhala pamwamba pa tsamba salowa m'mimba mwake, ndipo khungu lake lili ndi phula lomwe peptide imavutika kudutsa. Kuipanga yochuluka n'kokweranso mtengo. Chokoma n'chakuti ikhoza kulunjika mtundu umodzi wa kachilombo, njuchi n'kupulumuka.

Mlangizi, Midrand: Ndi zoona, mayi. Za kushopu, achimwene, musayembekeze chaka chino. Wina akakubweretserani botolo akuti ndi peptide, funani pabotolopo nambala ya kaundula wa boma yoyamba ndi L, pansi pa Act 36 ya 1947, lamulo la kuno la mankhwala a ulimi. Ikasowa, musagule.

Pakadali pano lekani kubwereza cypermethrin: ili m'gulu 3A (mankhwala amaikidwa m'magulu potengera momwe amaphera tizilombo), ndipo kusintha dzina la botolo m'gulu lomwelo n'kutaya ndalama. Sinthanitsani ndi gulu lina, monga pirimicarb wa 1A, ngati chizindikiro cha pabotolo chikulola mbewu yanuyo. Lozetsani nozo kunsi kwa tsamba ndi pansonga pomwe nsabwe zimaunjikana, poperani madzulo, ndipo werengani masiku odikira musanathyole ndiwo.