Makamera a m'nkhalango ndi nkhani ya Ufiti wa ku Limphasa

Mlembi: Moni nonse a kwathu ku Nkhata Bay, amene muli kumudzi ndi amene muli kunja. Pa msonkhano wathawu nkhani imodzi tinaisiya m'malere. Achinyamata akupempha kuti pa thumba la chaka chino tipatulepo ndalama zogulira makamera anayi omangirira pamtengo, aja amajambula okha nyama ikadutsa, akaikidwe ku nkhalango ya Mkuwazi ndi kumapiri a Kandoli. Akufunanso chikwangwani pafupi ndi dambo la Limphasa chofotokoza za chinyani chija anachitcha Ufiti. Tiyeni tikambirane tisanaponye voti Loweruka.

Woimira achinyamata: Zikomo a Mlembi. Makolo, iyi si nthano ya pamoto ayi. Mu 1959 anthu amene ankagwira ntchito ya msewu cha ku Limphasa anaona chinyama chachikulu chakuda, chopanda mchira. Mu 1960 chinajambulidwa, ndipo mu 1964 chinagwidwa n'kutumizidwa ku Chester Zoo ku Mangalande, komwe sichinakhalitse, chinafa. Funso lathu ndi limodzi: nyama imabadwa yokha? Ngati panali mmodzi, amake anali kuti? Ife tikukhulupirira kuti abale ake angakhale akadalipo.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, zaka wazitchulazo ndi zoona, ndipo ndakondwa kuti mwafufuza. Koma tisachitchule ngati chilombo chosadziwika. Akatswiri anachiyang'anitsitsa, anapeza kuti anali chimpanzi wamkazi. Chinawadabwitsa ndi ubweya wotuwa pamsana ndiponso malo amene anapezeka, pakuti achimpanzi akutchire oyandikira kwathu ali ku Tanzania, chakum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, mtunda wa makilomita mazana angapo. Ndiye ena ankati mwina anali woweta, anathawa kapena anatayidwa ndi mwini wake. Chimene tili nacho m'manja ndi nyama imodzi basi. Wachiwiri sanagwidwepo.

Wa ku Joni: Ada, pamenepo ndikufunseni. Anthu amakonda kunena kuti anabwera ndi azungu othawa ku Congo. Koma Congo inalandira ufulu pa 30 June 1960, chipwirikiti n'kubwera pambuyo pake. Ufiti anali ataoneka kale chaka cham'mbuyo. Nanga othawawo anamubweretsa bwanji asanathawe?

Aphunzitsi opuma: Mwagwira mfundo, ya othawayo ndiyochepa mphamvu. Komabe azungu ankaweta achimpanzi kale chipwirikiticho chisanayambe. Kugwetsa ganizo limodzi sikudzutsa linzake.

Mayi a kumudzi: Ine sukulu yanga ndi yochepa, ndingonena zimene maso anga anaona. Chaka china nthawi yowokera mpunga ndinalawirira kudambo, mame ali tho. M'mphepete mwa ngalande, pamatope, ndinapeza phazi lalikulu lokhala ngati dzanja la munthu, chala chachikulu chitatayana ndi zinzake. Ndinayezera ndi chikhatho changa, linandiposa. Anyani ndimawadziwa, ndakhala ndikulimbana nawo m'munda wa chinangwa kuyambira utsikana wanga. Lija silinali la nyani. Ndinabwerera kunyumba miyendo ili njenjenje, tsiku limenelo sindinawoke.

Aphunzitsi opuma: Ama, sindikukutsutsani kuti simunaone kanthu. Koma matope amanama. Phazi la nyani likaterereka pathope lofewa limatambasuka, madzi akalowamo limakulanso. Ndikufunseni: kutsogolo kwa phazilo munaona tizizindikiro ta zala zopinda? Chimpanzi poyenda amatsamira pa mfundo za zala zam'manja, ndiye amasiya timaenje tondandalika pamzere.

Mayi a kumudzi: Mantha anandigwira, sindinayang'ane zimenezo.

Aphunzitsi opuma: Chimene chimandikayikitsa kwambiri ndi ichi. Chimpanzi sabisala ngati kambuku. Madzulo aliwonse wamkulu aliyense amapinda nthambi m'mwamba mwa mtengo n'kuyala chogonera chake, ndipo zisa zimenezi zimakhala zikuonekabe kwa milungu ngakhale miyezi. Akamaitanizana kukuwa kwawo kumamveka patali, amamenyanso mitsitsi ya mitengo ngati ng'oma. Ndipo amakhala m'magulu, si mmodzi kapena awiri. Mkuwazi si nkhalango ya ku Congo. Wazunguliridwa ndi midzi, minda ndi mitengo ya raba ya ku Vizara, amayi amalowamo kutola nkhuni ndi bowa, otchera misampha sasowamo. Zaka zoposa 60 zapitazi bwenzi wina atatola chigaza, kapena galimoto itagunda mmodzi pamsewu wa ku Chintheche.

Woimira achinyamata: Ada, nanga za kipunji mukuti bwanji? Ku phiri la Rungwe ku Tanzania, kungodutsa malire athu a ku Karonga, alenje ankanena za pusi wina wachilendo. Asayansi ankayesa ndi nkhani za mizimu. Mu 2003 anamuona ndi maso, mu 2005 n'kumulemba m'mabuku kuti ndi mtundu watsopano. Anthu akumudzi ndiwo ankanena zoona nthawi yonseyo. Komanso phiri la Mabu ku Mozambique, nkhalango yonse ija asayansi anaizindikira pa zithunzi za Google Earth mu 2005, ndipo atapitako anapezako zamoyo zimene zinali zisanalembedwe.

Namwino wa ku Manchester: Achimwene, ya kipunji ndimaikonda inenso, koma onani mmene inathera: anthu anapita, anapeza magulu athunthu, anajambula, anawerenga. Umboni unabwera msanga atangoyamba kufufuza. Kwina zinatha mosiyana. Ku mapiri a Himalaya amakamba za yeti, chinyama chimene amati n'chonga munthu, koma mu 2017 atayeza zinthu 9 zimene ankati ndi za yeti, mafupa, ubweya ndi zina, 8 zinapezeka za zimbalangondo, chimodzi cha galu. Ku Bili ku Congo ankati kuli anyani amphona osadziwika, atayeza anapeza kuti ndi achimpanzi wamba a kum'mawa. Ine kuno Chester sikutali. Ndikhoza kulembera a kumalo osungira nyamawo kupempha zimene anasunga zokhudza Ufiti, ndipo izi sizidya tambala ya gulu.

Msungichuma: Ine nkhawa yanga ndi thumba. Tinalonjeza kumaliza denga la nyumba yodikirira amayi oyembekezera mvula isanagwe, malata sanakwane. Kamera imafuna mabatire, munthu wokaitsitsa, chilolezo cha a zankhalango, ndiponso ikhoza kubedwa usiku woyamba. Mayi wodikira akamanyowa, ndikamuuze kuti ndalama zinapita kukasaka chimpanzi?

Abusa: Langa ndi la chikwangwani. Dzina limenelo kwathu kuno si lopepuka. Tamva kangati m'dziko muno agogo akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti? Mukalemba mawu amenewo ndi zilembo zikuluzikulu pamsewu, mlendo adzajambula n'kupita, koma mwana wapamudzi adzawerenga kuti m'dambo muja muli afiti. Ngati chikwangwani chiikidwe, mutu wake ukhale "Chimpanzi wa ku Limphasa", dzina linalo lifotokozedwe m'munsi ndi mawu osamala.

Woimira achinyamata: Abusa, limenelo sitinaliganizire. Tavomera.

Wa ku Joni: Malemu bambo anga anagwirako ntchito pamsewu umenewo. Ankati chinyamacho chinkakhala mumtengo n'kumaonerera anthu akugwira ntchito, osathawa. Ndili mwana ndinkamva ngati zoopsa, lero ndikuona kuti mwina zikugwirizana ndi zonena aphunzitsi, pakuti nyama yakutchire yeniyeni imaopa munthu. Ndikudandaula kuti sindinawajambule mawu. Amene anaona ndi maso atsala ochepa, ndipo onse apitirira zaka 70. Foni tili nazo kale m'matumba. Achinyamata ayambe ndi agogowa mwezi uno, aliyense afunsidwe payekha kuti asatengerane mawu: anaona chimodzi kapena zingapo, chaka chanji, pamalo pati, anamvapo kukuwa usiku Ufiti atatengedwa kale?

Aphunzitsi opuma: Limenelo ndiye funso lenileni. Ndipo m'chilimwe, a zankhalango akalola, ndidzatsagana nawo anyamatawa ku Mkuwazi ngakhale mawondo akuvuta. Tidzayenda maso ali m'mwamba. Tikapeza chisa chimodzi chokha cha nthambi zopinda, kamera yoyamba ndidzagula ndi penshoni yanga.

Mayi a kumudzi: Mudzandiuze tsikulo, ndikakulozereni ngalande ija.

Mlembi: Ndalemba motere: Loweruka tivotera denga kaye, za makamera ziyembekeze ulendo wa m'chilimwe. A namwino alembe kalata ku Chester. Achinyamata, mayina a agogo oti mukawachezere munditumizire kumbali, osati pagulu pano.