Ndatola kamwana ka mbalame, ndikadyetse chiyani?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Dzulo madzulo itatha mvula yamkuntho ndinapeza kamwana ka mbalame pansi pa mtengo, chisa chitaphwasuka. Nthenga zangoyamba kumera m'mapiko, pamimba ndi khungu lokhalokha. Ndinadikira chapatali kwa maola 2 koma make sanabwere, pomwe mphaka anali atayamba kale kuzungulirazungulira.

Ndakaika m'kabokosi, pansi ndayala nsanza, pambali botolo la madzi ofunda lokulunga m'sokosi. Ndikangokhudza bokosilo kamayasamula kukamwa kwachikasu kuja, ine n'kusowa chokapatsa. Madzi sindinakamwetse, ndikuopa kuti angalowe m'mapapo. Tiziwala tophwanyaphwanya kangameze? Pazidutsa mphindi zingati ndisanakadyetsenso, nanga usiku ndizidzuka? Amene munalerapo kotere mpaka kuuluka, munkatani?