Kodi matenda a shuga amakhudzana ndi mauka obwerezabwereza?

Mayi wa ku Dedza: Ndili ndi zaka 46 ndipo chaka chatha anandipeza ndi matenda a shuga oyamba munthu atakula. Chikundivuta ndi kuyabwa kumaliseche komwe kumabweranso ndikangomaliza mankhwala. Kodi zimenezi zikugwirizana?

Namwino wopuma: Zikugwirizana ndithu, mayi. Shuga akachuluka m'magazi, wina amatuluka mu mkodzo, ndipo tizilombo toyambitsa mauka ndi matenda a chikhodzodzo timaswana msanga pamalo otere. Mankhwala opaka amangoziziritsa vutolo ngati shuga sanatsike, choncho musaleke kumwa mankhwala anu otsitsa shuga, monga metformin, ndipo mukawafotokozere adokotala mosabisa, ngakhale nkhaniyi imachititsa manyazi.

Mayi wa ku Zomba: Ine shuga anayamba ndili woyembekezera, mwana anabadwa woposa makilogalamu 4, kenaka shugayo anatha. Patapita zaka anabweranso, osachokanso. Amayi amene zinawachitikirapo zotere aziyezetsa kawirikawiri.

Namwino wopuma: Ndiwonjezere kuti amayi odwala shuga amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima, makamaka akasiya kusamba, motero muziyezetsanso kuthamanga kwa magazi.