"Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika": kodi mwambiwu ukumukhudza Socrates?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu umanena munthu wodzitama, kapena aliyense amene mbiri yake yamveka patali ngakhale iye sanafune? Ndikufunsa chifukwa cha Socrates, munthu wanzeru wakale wa mumzinda wa Athens ku Greece. Mkuluyu sanalembe buku n'limodzi lomwe, ankangoyenda chosavala nsapato pamsika n'kumapanikiza anthu ndi mafunso. Koma pofika 423 BC anali atatchuka moti wolemba masewero Aristophanes anamuika m'sewero, akulendewera m'dengu m'mwamba, anthu akufa nacho chiseko. Mu 399 BC anthu a ku Athens anamuzenga mlandu wonyoza milungu ya mzindawo ndi kusokoneza achinyamata, n'kumulamula kumwa poizoni.

Yankho loyamba:
Achimwene, amene anakhalapo pabwalo la gule akudziwa. Ng'oma ikawambidwa bwino pamoto chikopa chimakungika, ndipo aliyense amafuna kuimba yomweyo, zinazo zili phee pambali. Imang'ambika chifukwa manja aichulukira. Kwathu timauza munthu amene aliyense akumutchula, kuti asamale. Socrates ali momwemo.

Yankho lachiwiri:
Pepani bambo, ine ndikukana pang'ono. Mwambiwo ukuti "sichedwa", pomwe mkuluyu anafa ali ndi zaka pafupifupi 70. Komanso musamuyeretse kwambiri. Malinga ndi wophunzira wake Plato, Socrates mwini anauza oweruza, anthu pafupifupi 500, kuti wolosera wa kukachisi wa ku Delphi ananena kuti palibe wanzeru kumuposa. Atamupeza wolakwa n'kumufunsa chilango chomuyenera, anati mzinda uzimudyetsa ulere monga ankachitira ndi akatswiri opambana pamasewera a ku Olympia. Munthu wotereyu ankadziimba yekha! Mwambiwu ine ndimaumva ngati wodzudzula matama.

Yankho lachitatu:
Nonse mwaiwala amene ankayenda naye. Alcibiades anathawira kwa adani ku Sparta nkhondo ili mkati. Critias anali mmodzi mwa atsogoleri a gulu la anthu 30 amene analamulira Athens mwankhanza mu 404 BC, n'kupha nzika zambiri. Onsewa ankadziwika kuti ankakhala pamapazi a Socrates. Mu 403 BC anthu a ku Athens anagwirizana zoti milandu yakale ya ndale isautsidwenso, koma mtima wa munthu woferedwa sumvera pangano. Akanakhala mphunzitsi wosadziwika, ndani akanamukumbukira pofuna wolipira? Apa ndikugwirizana ndi bambo oyamba aja.

Wofunsa:
Zikomo nonse, koma pali pamene pakundisokonezabe. Ng'oma ikang'ambika imatayidwa kuseri kwa nyumba. Uyu atafa m'pamene anamveka kwambiri: Plato anatsegula sukulu yake ya Academy, wanzeru wina wotchuka Aristotle anakaphunzira komweko zaka pafupifupi 20, ndipo anzeru ambiri akale a ku Greece timangowatcha "a Socrates asanabwere". Alipo mwambi wina wonena za munthu amene mbiri yake imakula iye atapita? Agogo amene muli muno, tiuzeni.