Mbalame zanga zayamba kujompha maluwa a pabalaza, ndichotse ati?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi ma budgie awiri ndi cockatiel imodzi, ndipo madzulo ndimazitsegulira khola kuti ziziuluka pabalaza. Pabalazapo pali maluwa a m'miphika: dieffenbachia, pothos yolendewera pa shelefu, spider plant, kalanchoe, komanso kamtengo ka peyala komera kuchokera ku nthangala. Cockatiel yayamba kujompha masamba a pothos. Ndichotse ati, ndisiye ati? Kungowakweza m'mwamba sikungakwane?

Bambo a Tadala:
Peyala ndi kalanchoe atuluke m'nyumbamo lero, zina tikambirana pambuyo. Peyala ali ndi poizoni wotchedwa persin m'masamba, m'khungwa, m'nthangala ndi m'chipatso momwe. Amawononga minofu ya mtima, madzi n'kuyamba kudzaza mozungulira mtima ndi mapapo. Choipa chake n'chakuti mbalame imaoneka bwinobwino kwa maola ngati 12, kenako imayamba kubanika, ndipo ikhoza kufa pasanathe masiku awiri. Mankhwala othetsa poizoni ameneyu palibe, dokotala amangothandizira thupi kuti lilimbe.

Kalanchoe nayenso amagwira mtima, koma mwa njira ina: amasokoneza kagundidwe kake. Poizoni wake ndi wa gulu limodzi ndi wa oleander, desert rose ndi foxglove. Muwonjezerepo sago palm amene amaononga chiwindi, ndi nsatsi zomwe njere zake zili ndi poizoni wotchedwa ricin. Kumbukirani kuti budgie imalemera magalamu 30 mpaka 40 okha, cockatiel pafupifupi 90. Kachidutswa ka tsamba kamene galu sangamve nako kanthu, kwa budgie n'chakudya chathunthu.

Nachisale:
Pa pothos yomwe yajomphedwa kaleyo mtima ukhale m'malo pang'ono, koma musailekerere. Pothos, dieffenbachia, philodendron, monstera ndi peace lily ndi banja limodzi. M'masamba mwake muli timakristalo ta calcium oxalate tosongoka ngati singano. Mbalame ikatafuna tsamba, timasinganoto timabaya lilime ndi kukhosi. Mudzaona ikupukusa mutu, ikupukuta mlomo pa ndodo yokhalapo, kukamwa kuli konyowa, mwina kubweza chakudya n'kukana kudya. Kawirikawiri ululuwo umaichititsa kusiya isanadye zambiri. Dieffenbachia ndiye woopsa kwambiri pa gululi chifukwa amatupitsa, ndipo pa mbalame khomo la mpweya lili pa tsinde la lilime pomwepo. Pakatupa pamenepo, kupuma kumavuta msanga.

Za kukweza m'mwambazo iwalani achimwene kapena achemwali. Imeneyo ndi nzeru ya oweta agalu. Mbalame imakonda malo okwera kuposa ena onse m'chipinda, ndiye kuika mphika pamwamba pa shelefu kuli ngati kuiitanira. Masamba ouma amagweranso pansi, ndipo cockatiel imakonda kutolatola zapansi. Tsamba la oleander ngakhale litauma poizoni wake sachoka. Maluwa a gulu la pothos apite ku chipinda chotseka chitseko chomwe mbalame sizilowamo.

Achimwene a Mada:
Ikadya kale, kodi si bwino kuimwetsa mkaka kapena makala osinja kuti poizoni atheretu?

Mayi a Pempho:
Ayi ndithu achimwene, musayerekeze. Mbalame sizigaya bwino shuga wa mu mkaka, ndipo makala ophikira si ofanana ndi activated charcoal amene dokotala wa ziweto amapereka pa mlingo woyeza, kudzera m'kachubu kofika m'chithokomiro. Kuthira chamadzi chilichonse mokakamiza m'kamwa mwa mbalame yofooka kumalowetsa madziwo m'mapapo. Musayesenso kuisanzitsa.

Chochita ndi ichi. Chotsani tizidutswa ta tsamba totsalira pa mlomo, mupukute ndi kansalu konyowa. Ngati utomoni wamatirira pa nthenga kapena ku mapazi, tsukani ndi madzi ofunda, chifukwa ikamadzikonza nthenga idzaumeza. Ikani mbalameyo m'kabokosi kapena kakhola kakang'ono, pansi muyale pepala loyera kuti zitosi zioneke mtundu wake. Pakhale pofunda, madigiri 29 kapena 30, pa mdima pang'ono, popanda phokoso. Madzi akumwa muike pafupi kuti imwe yokha. Kenako imbirani dokotala wa ziweto, makamaka wodziwa za mbalame, mumuuze kulemera kwake, nthawi imene yadya ndi kukula kwa chimene chadyedwa. Tengani nthambi ya duwalo m'kapepala ka pulasitiki, apo ayi chithunzi chooneka bwino masamba ndi maluwa.

Ngati ndi peyala, kalanchoe, oleander kapena sago palm, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale ikuimba. Mbalame zimabisa matenda. Mukadzaona yatukumula nthenga, yakhala pansi pa khola, mchira ukukwera n'kutsika pa mpweya uliwonse, kapena ikupuma mlomo uli yasa, ndiye kuti zafika kale patali.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye spider plant yekha ndi amene atsale? Ndimafuna pabalaza pakhalebe pobiriwira.

Nachisale:
Spider plant atsale, alibe vuto ngakhale zimuthothole. Mutha kuwonjezera Boston fern, areca palm, parlour palm, African violet ndi hibiscus. Koma pogula funsani dzina la sayansi, chifukwa mayina a pamsika amanamiza. Sago palm si mgwalangwa weniweni, ndi Cycas revoluta. Lucky bamboo si nsungwi, ndi Dracaena. Mapulogalamu a pa foni ozindikira zomera amathandiza, komabe amaphonya, ndiye yerekezani ndi malo ena musanakhulupirire.

Bambo a Tadala:
Ndiwonjezere pa zimene anena a Nachisale. Duwa losaopsa likhoza kubwera ndi poizoni wa kumene linafesedwa. Mankhwala ena ophera tizilombo, monga imidacloprid, amalowa m'kati mwa chomeracho kudzera m'mizu, moti kutsuka masamba sikuwachotsa. Duwa latsopano lichotseni m'dothi lake, mutsuke mizu ndi masamba, mulibzale m'dothi lina lopanda mankhwala, ndipo likhale kutali ndi mbalame kwa miyezi ingapo mpaka litaphuka masamba atsopano. Mankhwala owalitsa masamba asiyeni.

Dothi la mu mphika nalo muliphimbe ndi miyala yosalala yaikulu moti mbalame singaimeze. Timibulu ta feteleza zimatiyesa njere, ndipo dothi lokhala chinyowere limamera chuku cha Aspergillus chomwe chimadwalitsa mapapo ndi matumba a mpweya. Madzi otsalira m'kambale ka pansi pa mphika muzitaya mukangothirira.

Cockatiel yanuyo ikufuna chotafuna, n'chifukwa chake yapita ku pothos. Fesani tirigu m'kambale kosaya, pakatha masiku 7 mpaka 10 udzu wake umakhala utakwana kujompha. Fesani timbale tiwiri motalikirana sabata imodzi, kuti kena kakamatha kena kakhale katakula.